Nkhono za M'thanki ya a Hajati

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mpunga. Azakhali anga ankagulitsa mpunga wa kwathu ku Chia pa loji ina yaing'ono kufupi ndi boma la Nkhotakota, ndipo tsiku lina nditawaperekeza kukatula thumba, anamva kuti pakufunika munthu wosamalira thanki ya nsomba. Ine ndinali nditalemba mayeso a Folomu 4, ndikungokhala pakhomo n'kumakangana ndi nkhuku. Azakhali sanandifunse n'komwe. Anangondikankhira kutsogolo n'kunena kuti, "Esinala uyu anakulira m'madzi, nsomba amazidziwa." Kunena zoona, nsomba zimene ndinkazidziwa ine zinali za m'poto.

Eni lojiyo anali mayi achikulire amene aliyense ankangowatchula kuti a Hajati, popeza anapitako ku Maka, mzinda woyera wa Asilamu. Amuna awo anali atangomwalira kumene, ndipo ndi iwowo amene anakonza thankiyo ndi manja awo. Inali ya galasi, yaitali ngati bedi, itakhala m'chipinda chodyeramo alendo. Pansi pake panali mchenga wa kunyanja ndi miyala, kumbuyo kwake udzu wa m'madzi wa masamba aatali, ndipo m'katimo munkasewera mbuna, tinsomba ta m'miyala tija tabuluu ndi tachikasu timene azungu amatikonda kwambiri.

Amene anandiphunzitsa ntchito ndi a Mwase, bambo wosalankhulalankhula amene ankasiya ntchitoyo kuti apite kwawo ku Dwambazi. Anandionetsa kudzaza paipi ndi madzi, kutseka mbali imodzi ndi chala, kuika inayo mu mchenga, kenako kumasula chalacho paipi itaweramira mu ndowa kuti zinyalala zizituluka zokha. Madzi osachotsa onse, ndowa zochepa chabe sabata iliyonse. Siponji ya mu fyuluta, kachipangizo kosefera madzi, kuitsuka ndi madzi a m'thanki momwemo, osati a pampopi. Sopo asayandikire ngakhale pang'ono. Ndere za pagalasi kuzipala ndi lezala. Chakudya kamodzi pa tsiku, chongotsina ndi zala ziwiri. Pa tsiku lomaliza anandilozera tinkhono tingapo tofiirira tomwe tinabwera ndi udzu uja, n'kunena kuti, "Zochepa chonchi zilibe vuto, zimadya ndere. Zikadzachuluka usadzalimbane nazo. Udzafufuze kaye chimene zikudya."

Ndinangogwedeza mutu ngati ndamva, koma mtima wanga unali pa yunifolomu yatsopano imene anandilonjeza.

Patapita miyezi ingapo nkhono zija zinayamba kuchuluka. Ndinkavala magolovesi aatali n'kuzitola imodziimodzi, mawa lake n'kupeza zina zitakhala pamalo omwewo ngati zikundiseka. Ndinaphunzira kuzindikira mazira ake, timadontho tolendera toonekera mkati, tomamatira kunsi kwa masamba, ndipo ndinkatipala ndi chikhadabo. Ndinkafutsa tsamba la kabichi, kulimangirira pa ulusi ndi kamwala, n'kulimiza ndikamaweruka. M'mawa ndinkalivuula lili bii ndi nkhono. Zonsezi zinkathandiza tsiku limodzi lokha. Mawu a a Mwase atandibwerera ndinachepetsa chakudya mpaka ndinayamba kuzimvera chisoni nsombazo, koma chodabwitsa, nsomba zinkangonenepa ndipo nkhono zinkangoswana.

Yankho ndinalipeza tsiku lina nditalawirira. Ndinapeza a Hajati ataima pathanki, atangochoka poswali, m'manja muli kachitini kakale ka tiyi. Ankatapa timibulu tofiira n'kumamwaza pamadzi, dzanja lodzaza, kwinaku akulankhula chapansipansi ndi nsomba. Ndinabwerera m'mbuyo asanandione. Nditafunsa kukhitchini, mayi wophika anandiseka. "Iwe wekha ndi amene sukudziwa? Akangomaliza swala iliyonse amapita pomwepo. Malemu anawauza ali m'chipatala kuti nsomba zawo zisadzagone ndi njala. Kwa iwo imeneyo ndi sadaka."

Asilamu amaswali kasanu pa tsiku, ndiye mungathe kuona nokha kuchuluka kwa chakudya chimene chinkagwera m'madzimo. Nsomba zinkadya mpaka kutopa, chotsala n'kumira mu mchenga, nkhono n'kumachita phwando. Ndinadziwa vuto, koma pakamwa panga panalemera. Ine mwana wa dzana, wolembedwa ntchito chifukwa cha thumba la mpunga, ndikawauze bwanji mayi ofedwa kuti lonjezo lawo kwa amuna awo ndi limene likuononga thanki? Ndinapitiriza kutola nkhono, ndili chete.

Tsiku lovuta linafika Loweruka lina m'nyengo yotentha. Magetsi anazima kuyambira m'mamawa, pampu ya mpweya n'kuima. Madzi akachepa mpweya nkhono zimatuluka mu mchenga n'kukwera pamwamba, ndipo tsiku limenelo zinatuluka zonse, ngakhale zomwe sindinkadziwa kuti zilimo. Galasi lonse linada. Mayi wina wochokera ku Kasungu, amene anabwera ndi ana ake kudzadya chambo, atangoona anakoka ana akewo n'kukuwa kuti, "Likodzo! Mukutidyetsera pafupi ndi likodzo?" Sindimuimba mlandu. Tonse a kuno tinakula tikuuzidwa kuti nkhono za m'madzi n'zoopsa. Ndinayesa kufotokoza kuti zobadwira m'thanki sizinakumanepo ndi mkodzo wa munthu, koma munthu amene wagwira ana ake m'manja samva zimenezo. Anachoka chakudya chisanafike patebulo, ndipo anthu a patebulo lina anamutsatira.

Mwatsoka, kapena mwamwayi, tsikulo kunali a Yusufu, mwana woyamba wa a Hajati, amene ankakhala ku Lilongwe n'kumabwera mwa apo ndi apo kudzaona mmene loji ikuyendera. Sanali munthu wankhanza. Anaima patsogolo pa thanki, manja m'chiuno, n'kupuma mozama. Anandifunsa ngati pali mankhwala. Ndinawauza zomwe a Mwase anandichenjeza, kuti mankhwala ophera nkhono amapsereza udzu, ndipo nkhono zambiri chonchi zikafera limodzi zimaola, madzi n'kuonongeka, nsomba n'kutsatira.

"Ndiye basi," anatero. "Amayi, thankiyi ichoke. Nsomba tikazibwezere kunyanja, apa tiikepo TV anthu azionera mpira. Bambo anapita, ndipo ife zatikanika." Kenako anatembenukira kwa ine. "Kapena chemwali, pali chimene mukuchidziwa? N'chifukwa chiyani zikuchuluka chonchi?"

A Hajati anali atakhala pampando pafupi pomwepo, akuyang'ana pansi, zala zikuseweretsa mpango wawo. Ndinachita mantha, ndipo ndinawamveranso chisoni. Thanki ikachoka, ntchito yanga yathera pomwepo, ndipo iwo atsala opanda poima akamaliza kuswali. Koma kuwatchula pamaso pa mwana wawo ndi antchito onse, zimenezo sindikanatha. Ndinangopempha kuti andipatse mpaka madzulo.

Ndinayamba ndi chofunika msanga. Ndinkatunga madzi a m'thanki ndi jagi n'kumawathira kuchokera m'mwamba kuti mulowe mpweya, mpaka mkono unachita dzanzi. Magetsi atayaka ndinatenga paipi yanga n'kuilowetsa mozama mu mchenga, pakona imene a Hajati ankakonda kuima. Zimene zinatuluka mu ndowa zinali phala lofiira lonunkha, timibulu tina tisanasungunuke n'komwe. Chakudya chimene ndinkapereka ine chinali chobiriwira, chopyapyala ngati gaga. Chofiira chinali cha m'kachitini ka tiyi basi.

Ndinadikira kuti amalize swala ya masana, n'kunyamula ndowayo kupita nayo kukhonde la nyumba yawo, kuseri kwa loji. Ndinaodira, ndinagwada, ndinaika ndowa patsogolo pawo.

"Mayi, izi ndi zimene ndapeza pansi pa mchenga."

Anaweramira mu ndowamo nthawi yaitali. Kenako anatola kambulu kamodzi n'kukafinya ndi zala.

"Nsomba sizinadye izi?"

"Zimakhuta, mayi. Zotsala zimamira."

"Ndiye masiku onsewa ine ndimadyetsa nkhono?"

"Ee, mayi."

Ndinkayembekezera kukalipiridwa, mwinanso kuuzidwa kuti ndivule yunifolomu. Iwo anangopukuta zala pa nsalu. "Nazonso n'zolengedwa ndi Mulungu," anatero. Kenako anaseka, misozi ikulengeza m'maso. "Koma malemu amuna anga sanandisiyire nkhono. Unadziwa liti, mwana iwe?" Nditawauza kuti papita nthawi, anapukusa mutu. "Ulemu wako ukanatiphera nsomba. Komabe wachita bwino kubwera nazo kuno kukhonde."

Tinapangana pomwepo. Ine ndinasiyiratu kudyetsa nsomba. Ntchito imeneyo inakhala yawo, kamodzi kokha, akamaliza swala ya m'mamawa, kongotsina ndi zala ziwiri. Tsamba la kabichi ankamiza okha dzuwa likalowa. Chimene anakana n'chakuti nkhono zogwidwazo ndiziziphwanya n'kutaya kudzala monga ndinkachitira. Anati ndizikapatsa abakha a kuseri kwa khitchini, kuti sadaka yawo isapite pachabe. Kwa a Yusufu anakalankhula okha. Sindikudziwa zimene anawauza, koma a Yusufu pobwerera ku Lilongwe anangondiuza kuti, "Chemwali, ndikadzabweranso ndidzaone galasi, osati nkhono."

Nkhono sizitha tsiku limodzi, ndipo aliyense amene angakuuzeni zimenezo akufuna kukugulitsani botolo. Sabata iliyonse ndinkapopa mchenga ndi paipi, mbali imodzi lero, ina sabata yamawa, kuti ndisasokoneze mizu ya udzu. Masamba odzaza mazira ndinkawadula. Udzu watsopano ndinkayamba ndausunga mu ndowa yapadera n'kumauyang'anitsitsa ndisanaulowetse m'thanki. Tsamba la kabichi linayamba kuvuuka ndi nkhono zochepa, kenako zowerengeka, mpaka abakha anayamba kundiyang'ana ngati ndawabera. A Yusufu atabweranso anaima pathanki, anaona nkhope yawo pagalasi, ndipo nkhani ya TV sanaitchulenso.

Lero ndimasamalira mathanki m'malo angapo, ndipo munthu akandiitana kuti nkhono zamuvuta, sindiyamba ndi kuyang'ana m'madzi. Ndimafunsa kuti pakhomopo amadyetsa nsomba ndi ndani, ndipo ndimafunsa mofatsa, chifukwa kawirikawiri amakhala munthu amene amazikonda kuposa onse. Ndikamupeza, ndimalankhula naye payekha, ndowa ili patsogolo.

A Hajati sanasiye kupita pathanki akamaliza swala iliyonse. Kachitini ankakasiya kunyumba. Masana ena ndikupala ndere ndinawaona akubwera, n'kuika chikhatho chopanda kanthu pagalasi. Mbuna zonse zinathamangira pomwepo, kuunjikana pa dzanja lawo.

"Taona, Esinala," anatero motsitsa mawu. "Ndinkayesa zimandibwerera chifukwa cha chakudya."

Ine ndinkadziwa bwino lomwe chimene nsombazo zinkadikira. Chinali chakudya, koma ulendo uno kubisa zoona sikukanapha nsomba iliyonse, ndiye ndinangoti, "Zakuzolowerani, mayi," n'kupitiriza kupala galasi.