Jekete la a Fackson

Achimwene anga a Fackson anali telala pakhonde la sitolo ku Midzemba. Ntchitoyo ankaidziwa, koma sanaikonde ngakhale tsiku limodzi. Mtima wawo unali pa njinga ya mtengamakalata. Zaka zimenezo amuna ambiri kwathu anali ku migodi ya ku Joni, ndiye munthu wobwera ndi thumba la makalata kuchokera ku Neno ankalandiridwa ngati mvula yoyamba. Belu likangolira kumtunda, amayi ankasiya mitondo, ana n'kuthamangira kumsewu, ndipo pobwerera njingayo inkakhala itamangiriridwa nkhuku ndi manachesi. Achimwene ankadandaula kuti nawonso amapalasa tsiku lonse, koma dzuwa limalowa ali pomwepo.

Mtengamakalata wakale atakalamba, kunamveka kuti a positi akufuna wina. Achimwene sanadikire n'komwe kuti awalembe ntchito. Anagula khaki wolimba, n'kudzisokera jekete la matumba anayi ndi mabatani achitsulo. Ine ndinawaseka kuti akuvala ntchito asanaipeze, iwo n'kundiyankha kuti nsanje idzandipha. Mawu amenewo ndimawakumbukira mpaka lero, chifukwa amene inawagwira si ine.

Tsiku losankha anthu anavala jekete lija n'kulawirira ku Neno. Khadi la chipani linatsala m'thumba la malaya akale. Anyamata a chipani anawaimitsa panjira, ndipo nthawi imeneyo wopanda khadi sankadutsa, kaya watchena chotani. Anabwerera kukalitenga. Pofika mawa lake anapeza njinga ili m'manja mwa alamu awo a Lameki, mlongo wa akazi awo a Clara, munthu amene anangopitako moperekeza anzake.

Zikanathera pamenepo mwina bala likanapola. Koma a Lameki anauzidwa kuti yunifolomu ibwera m'mbuyo, ayambe avala khaki aliyense amene angampeze. A Clara anatsegula bokosi amuna awo kulibe, n'kubwereketsa jekete lija. Akuti kungobwereka basi. Yunifolomuyo kaya inafika kaya sinafike, ife sitinaione. Achimwene anali mkamwini pamudzipo, ndiye akanayamba bwanji kuvula mlamu wawo chovala?

Kuyambira pamenepo ntchito yawo yeniyeni inali kuonerera jekete lawo likudutsa. Belu likalira, makina ankaima. Ankasuzumira kuseri kwa mzati n'kuyamba kuwerenga milandu: a Lameki apinda manja ngati wopita kukatapa dothi, a Lameki aika mtedza m'thumba lopangira cholembera, ngakhale beluyo saliza bwino. Amayi akamapereka nkhuku, achimwene ankameza malovu, n'kunena chapansipansi kuti nkhukuyo ikanakhala yawo.

Likang'ambika, a Lameki ankabwera nalo kwa iwo omwewo, poti telala anali mmodzi. Apa ndiye ndinkapsa mtima. Mayunifolomu a ana asukulu ankaunjikidwa pambali, madiresi a amayi opita kokavina kumsonkhano ankadikira, iwo ali kalikiliki ndi chigamba cha pachigongono, kusoka n'kumasula, kusokanso, ngati mayi amene wabwerekedwa mwana wake yemwe. Akamaliza ankalipereka atayang'ana kumbali.

Makina omwe ankawanyozawo anawamangira nyumba ya malata, ana onse n'kuphunzira. A Lameki anangopata mawondo otupa ndi chifuwa cha fumbi. Ndikawauza zimenezi achimwene, ankati ine sindingamvetse, chifukwa palibe mwana anathamangirapo kumsewu atamva makina osokera.

Patapita zaka, makalata anayamba kubwera pa galimoto, ntchito ya njinga n'kutha. Tsiku lina masana a Lameki anafika pakhonde paja akutsimphina, jekete atalipinda bwinobwino. Ine ndinalipo, ndinabweretsa nsalu yoti andipindire.

"Alamu, ndabweza katundu wanu," anatero a Lameki. "Ndachedwa nalo, pepani. Koma landisunga."

Achimwene analandira ndi manja awiri. Anadikira a Lameki akhote pangodya, kenaka anaimirira n'kulivala. Linali litayera m'mapewa, zigamba zili paliponse, zonse zosoka okha. Manja analowa bwino. Koma mabatani anakana kukumana ndi mabowo ake, pakuti zaka zokhala pampando zinali zitawapatsa mimba. Anakoka, anabweza mpweya, anakokanso, batani limodzi n'kuthothoka kugwera pansi pa makina.

Ndinafuna kuseka monga mwa masiku onse, koma nditaona nkhope yawo chisoni chinandigwira. Ndinawauza kuti poti ndi atelala, angowonjezera kansalu m'mbali, likwana.

"Ndiwonjezere kuti ndipite nalo kuti, achemwali?"

Analivula, n'kutembenuza matumba limodzilimodzi. Munatuluka fumbi lofiira ndi makoko a mtedza. Fumbilo sanalikutumule. Analiyang'ana m'dzanja mwawo nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti jeketelo linafika ku Luwani, linafika ku Zalewa, linawoloka mitsinje yonse ya kuno itadzaza.

"Ndinalisoka kuti lindiperekeze," anatero. "Lapita lokha."

Analipachika pamsomali kumbuyo kwawo, kumene sakanaliona, n'kuika phazi pa chopondera cha makina.