Tsekwe Amene Ndinagwirira Adada

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene ndinagwira tsekwe ndi manja anga, kumudzi kwathu kufupi ndi Chikwa, m'boma la Chama. Inali nyengo imene ngala za mpunga zimayamba kuwerama, madzi a m'dambo atayamba kuphwa koma matope akadali ofika m'mawondo. Nyengo imeneyo ana a kwathu sitinkapita kusukulu masiku onse. Tinkakhala pa nsanja m'munda, tikumenya zitini ndi kukuwa mpaka mawu kusasa, chifukwa mbalame zikapeza munda wopanda munthu sizinkauchitira chisoni. Mpheta zinkabwera masana. Abakha akutchire ankatera mbandakucha ndi madzulo, akulira ngati anyamata oimba mluzu, ndipo pambuyo pawo pankabwera atsekwe, akuda pamsana, oyera pamimba, aakulu ngati mwana wa mbuzi.

Adada anapita ku Lusaka kukagwira ntchito yaulonda ine ndikadali wamng'ono. Poyamba ankabwera Khirisimasi iliyonse, kenaka anayamba kudumphitsa, kenaka tinkangomva za iwo kwa anthu apaulendo. Pakhomo tinatsala atatu: amama, amene anthu ankawaitana kuti NyaZimba, ine Towera, ndi mlongo wanga wamng'ono Wezi, amene nkhope ya adada sankaidziwa n'komwe.

Tsiku lina mphunzitsi wina amene anali ndi foni anaima ndi njinga pabwalo pathu. Anati a Goma, ndiwo adada, aimba foni, abwera Loweruka pa lole yobweretsa sopo ndi mchere ku timagolosale ta ku Chikwa, poti msewu unali utayamba kuuma.

"Yewo, tamva," anatero amama, n'kupitiriza kupeta.

Ine mtima sunakhalenso m'malo. Ndinasesa bwalo losesedwa kale. Ndinapita kumsewu kukayang'ana, ngakhale Loweruka linali kutali. Za adada ndinkakumbukira zochepa, koma chimodzi chinali chitakhazikika: atakhala pamthunzi wa mango, akunyambita zala, akunena kuti m'tauni monse mulibe nyama yofanana ndi tsekwe wonona ndi mpunga wa kwathu. Ndiye ndinaganiza monga aganizira mwana. Ndinati akangodya tsekwe adzakumbukira kwawo, ndipo lole idzabwerera yopanda iwo.

Munthu wodziwa kutchera mbalame za m'madzi pabanja pathu anali asibweni Suzgo, mlongo wawo wa amama, amene kwina mumati amalume. Ndinawapeza akusosola ulusi m'tayala lakale la galimoto.

"Asibweni, ndifuna tsekwe."

"Tsekwe? Bakha sakukwanira?"

"Ndi wa adada. Abwera Loweruka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ulusi wawo. "Ndamva kuti abwera," anatero. "Tiye, tenga zikhomo izo."

Anandionetsa malo oyenera, kumapeto kwa munda kumene madzi anali osaya, pamene panali mapazi aakulu m'matope, nthenga ndi zitosi zobiriwira. Tinakhoma zikhomo, n'kukoka chingwe chachitali, ndipo pachingwepo tinamangirira timakhwekhwe tambiri ta ulusi uja, toti mwendo ukangolowa n'kukoka timathina tokha. Pamwamba tinawaza mpunga wosapuntha.

"Manje mvera," anatero asibweni. "Watchera, choka. Msampha sufuna mwini wake pafupi. Ndipo ukapeza tsekwe wakodwa, usamuyandikire wekha. Pa phiko lililonse ali ndi chikhadabo ngati cha tambala. Undiitane."

Kuchoka n'kumene kunandikanika. Ndikakhala pa nsanja pang'ono, maso anali kumisampha. Ndinkatsika, ndikuti ndingoona ngati chingwe sichinamasuke. Ndikabwerera ndinkaganiza kuti mwina mpunga uja wamira m'matope, n'kutsikanso kukawaza wina. Madzulo ena gulu la atsekwe linazungulira kumwamba, n'kuyamba kutsika, miyendo italendewera. Ine kulephera kupirira ndinaimirira kuti ndione bwino. Onse anatembenuka pamodzi n'kulowera kumtsinje.

Asibweni anaona zonse ali m'munda mwawo. "Kodi iwe unakhalira linthumbu?" anakuwa. "Mbalame zili ndi maso kuposa ako!"

Pakati pa sabata tinakola kabakha kamodzi. Amama anakaphika tsiku lomwelo, Wezi anadya mpaka kunyambita mbale, koma ine ndinakana. Ndinati si zimene ndikufuna. Amama sanandikakamize. Masiku amenewo sankayankhula zambiri, ndipo ine sindinafunse chifukwa chake. Ndinali wotanganidwa ndi msewu ndi dambo, dambo ndi msewu.

Loweruka ndinadzuka kusanayere bwino. Ndinathamangira kwa asibweni, koma akazi awo anati alawirira kumudzi woyandikana nawo kukaitana munthu. Ndinapita ndekha kudambo. Kunali nkhungu, madzi ozizira ngati akuluma, ndipo misundu inayamba kundikakamira m'miyendo ndisanafike pakati. Kenaka ndinamva kuphupha, phuphuphu, ngati munthu akumenya madzi ndi thabwa.

Anali tsekwe wamphongo, nkhope yofiira, wakodwa mwendo umodzi. Ankalumpha n'kugwa, kulumpha n'kugwa, ndipo ulendo uliwonse chikhomo chinkagwedera m'matope. Ndinayang'ana uku ndi uku. Munalibe munthu m'minda yonse. Ndinadziwa kuti ndikabwerera kumudzi kukaitana wamkulu, ndidzapeza dzenje la chikhomo lokha.

Ndinavula chitenje n'kuyandikira. Sindinaone m'mene phiko linabwerera. Ndinangomva ngati andimenya ndi khasu pamkono, n'kupezeka ndakhala pansi m'matope, magazi akuyenderera mpaka kuzala. Nthawi yomweyo chikhomo chinazuka. Tsekwe anayamba kuthamanga pamadzi, chingwe chikukwekwereka pambuyo pake, ndipo ndinachigwera ndi thupi lonse. Ndinachikulunga padzanja, ulusi uja n'kundicheka, koma ndinakoka. Atafika pafupi ndinamuponyera chitenje kumutu n'kumugonera. Mtima wake unkagunda pachifuwa panga mwamphamvu kuposa wanga. Ndinayesa kumupotokola khosi monga ankachitira asibweni, koma manja anga anali aang'ono. Ndiye ndinamiza mutu wake m'madzi n'kuugwira chomwecho mpaka mapiko anasiya kunjenjemera. Nditaimirira ndinapeza kuti ndikulira, osadziwa kuti ndikulirira mkono kapena chiyani.

Ndinamusenza pamutu, khosi likulendewera kumsana. Amama atandiona anagwetsa chidebe.

"Mayo ine, mwana uyu!"

Sanandikalipire. Ananditsuka bala ndi madzi a mchere, n'kulimanga ndi nsalu yong'amba ku chitenje chakale. Kenaka tinawiritsa madzi, tinamuviika tsekwe, n'kuyamba kusosola. Nthenga zake zinali zolimba, zina zofuna kukoka ndi manja awiri. Tinamuwaula pa moto wa udzu mpaka tiubweya tonse titapsa, khungu n'kuyamba kutuluka mafuta. Pomutumbula tinapeza nthutumba yodzaza ndi mpunga wa m'munda mwathu momwemo.

Amama anadina chidali ndi chala. "Ndi nkhalamba iyi," anatero. "Tsekwe wotere timamuwamba lero, n'kumuphika mawa pa moto wa chikuni."

"Koma adada abwera lero."

Anandipatsa mpeni. "Ndiye dula uike pamoto manje. Koma usaufulumize moto."

Lole inafika dzuwa lili pamutu. Adada anatsika atanenepa, atavala nsapato zonyezimira, akununkhira sopo wa m'tauni. Wezi anathawira kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinagwada n'kuwapatsa moni, iwo n'kundipatsa pepala la mabanzi ndi shuga. M'manja mwawo munalibe china.

"Chikwama chili kuti, adada?"

"Ndibwerera ndi lole yomweyi, ikamaliza kutsitsa katundu."

Posakhalitsa asibweni anafika ndi munthu amene anakamuitana uja. Anali akulu awo a adada, amene anali nkhoswe ya ukwati wa makolo anga. Anayala mphasa pansi pa mango, amama n'kukhala chapambali, miyendo atatambasula, maso pansi. Ine anandiuza kuti ndikhale kukhitchini. Mawu ankandifika odukaduka. Ndinamva "mkazi wina". Ndinamva "ana awiri". Ndinamva adada akuti, "Sindifuna kumangomunamiza NyaZimba."

Ndinamvetsa, koma sindinafune kumvetsa. Ndinasonkhezera nkhuni. Ndinakupiza moto ndi mbale mpaka malawi anakwera m'mbali mwa mphika. Ndinkathamangira pakhomo kukasuzumira, n'kubwerera kudzavundukula, n'kupitanso. Madzi anauma, ndinathira ena, anaumanso. Pansi panayamba kupserera. Ndikabaya nyama ndi kamtengo, kamtengo kankabwerera ngati ndabaya tayala. Ndinkangoti zikapsa lole isanalire, zonse zimene akukamba pamphasapo zitha.

Hutala ya lole inalira kumsewu, kuitana okwera.

Ndinapakula mpunga, n'kusankha ntchafu, chiwindi ndi nthutumba, n'kupita nazo pansi pa mango munthu asanandiitane. Ndinagwada n'kuwasambitsa m'manja. Adada anatenga ntchafu, analuma, anakoka, koma mano anangoterereka. Akulu awo anayamba kuseka, n'kulekeza panjira. Adada anabwezera ntchafu m'mbale n'kudya chiwindi ndi nthutumba, poti zokhazo ndi zimene zinapsa.

"Wapha ndani tsekwe ameneyu?" anafunsa.

"Mwana wanu," anayankha asibweni. "Yekha. Onani mkono uwo."

Adada anayang'ana nsalu ija, imene magazi anali atabowola. Anatenganso ntchafu, anang'amba kachidutswa ndi zala, n'kukatafuna nthawi yaitali, maso ali pansi, mpaka anakameza ndi madzi.

"Wakula, Towera," anatero.

"Adada, khalani mpaka mawa. Mawa afewa."

Hutala inaliranso, motalika.

"Manje sizitheka, mwana wanga. Ntchito."

Anaimirira, anasasa thalauza, n'kutsazika. Ndinawatsatira mpaka kumsewu. Lole itanyamuka ndinaithamangira m'fumbi mpaka m'nthiti munayamba kubaya. Kunyumba sindinabwerere. Ndinapita kumunda, ndinakwera pa nsanja, ndinatsika, ndinayenda m'mizere, ndinakweranso. Mpheta zinadzaza m'mpunga ine ndikuona, koma chitini sindinachigwire.

Dzuwa likulowa Wezi anabwera kudzandiitana. Ndinapeza amama atabwezera mphika uja pa chikuni chimodzi chonyeka pang'onopang'ono. Anali atachotsa zopserera, atathira madzi ena, anyezi, tomato ndi nsinjiro, n'kuusiya kuti uzibwata wokha masana onse. Nyama inali yakuda, yofewa, ikudzilekanitsa yokha ndi mafupa, ndipo fungo lake linali litadzaza bwalo lonse. Anandiikira chidali m'mbale.

"Sindifuna."

"Idya. Wavulala nayo ndiwe nyama iyi."

"Munadziwa kuti sakhala?"

"Ndinadziwa tsiku lomwe uthenga unafika."

"Nanga bwanji simunandiuze? Bwanji munandisiya ndizivutika kudambo?"

"Ukanandimvera iwe?" anatero. Anatembenuza chikuni chija, n'kuonjeza motsitsa mawu, "Komanso ndinafuna aone mwana amene akumusiya."

M'pamene ndinawayang'ana bwino koyamba sabata yonse. Maso awo anali otupa. Anati ndi utsi. M'mbale mwawo munali khosi lokha, mafupa okhaokha, ndipo ndinazindikira kuti chiyambire m'mawa sanaike kanthu m'kamwa. Ndinang'amba chidali chija pakati n'kuwaikira. Anafuna kubweza, ndinagwira mbale yawo. Tinadya atatu, abakha akudutsa pamwamba pathu kupita kudambo.

Adada ndinadzaonana nawonso ndili wamkulu. Timapatsana moni bwinobwino, ndipo chidani ndilibe. Ndinadziwa kalekale kuti ngakhale tsekwe uja akanafewa ngati phala, iwo akanakwerabe lole, chifukwa munthu amene mtima wake unasamuka sabwezedwa ndi ndiwo. Koma chimene chinanditengera zaka kuti ndichimvetse ndi china. Sabata yonse ija mphamvu zanga, tulo tanga ndi magazi anga ndinaziperekera munthu amene ankachoka. Amene ankatsala, amene analima mpunga uja yekha ndi kudzaukolola yekha, sindinamufunse n'kamodzi komwe kuti mtima uli bwanji. Ana timatero, ndipo akulu ambiri timaterobe: wochoka timamuthamangira m'fumbi, wokhala timamuyesa mtengo wa pabwalo. Lero ndili ndi ana anga, ndipo pakhomo pakafika nkhani yovuta ndimayamba ndayang'ana amene wakhala chete pambali, n'kumufunsa ngati wadya.