Ndinalowa M'bwalo Ndekha

Pamene tinkafika ku Diepsloot, kuno ku Joni, malo a kumapeto kwa msewu wathu anali dzala. Anthu ankatayapo zinyalala, mbuzi n'kumadyapo mapepala. Lero pali magolo a neti, mpanda wa waya, ndi matimu a ana ambirimbiri, mpaka a atsikana. Ndiyenera kukondwera nazo, ndikudziwa. Koma kunena zoona, ndikamadutsapo mtima umandiwawa.

Ine mpira ndinaudziwira kwathu ku Dedza, wachikulunga, womanga ndi majumbo. Tinkasewera opanda nsapato, zala zakumapazi zili mabala okhaokha. Kudoda ndinkadoda, osati zocheza, koma wondiona analipo ndani kupatula anzanga ndi ng'ombe? Jezi ndinaivala koyamba ndili kale ndi ndevu.

Ndiye tsiku lina mwana wanga wamkazi, wobadwira kuno ku Joni, anabwera ndi jezi ya nambala kumsana ndi jombo za mpira zopatsidwa ku timu. Jombozo ndinazitembenuza m'manja, ndinazinunkhiza, kenaka ndinati n'zolemera, zimupweteka miyendo. Iye anangozilanda n'kukagona nazo pambali.

Anamupatsa ndi kochi wawo, Mzambia wa ku Chipata amene mkati mwa sabata amamanga nyumba ku Midrand. Munthu wofatsa, waulemu, wosamwa. Ndicho chinkandinyansa kwambiri, chifukwa ndinalibe pomugwira. M'nyumba mwanga munalowa mawu atsopano. Pa kadyedwe, akochi anati. Pa nthawi yogona, akochi anati. Ndikati ndimuonetse mwanayo kadodedwe kanga pakhomo, ankandiyang'ana ngati ndikumugulitsa malonda owola.

"Adadi, akochi anati tizipasirana. Kudoda too much ndi selfish."

Paja amati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, koma mkulu ameneyu mwambiwu anaumva mopitirira muyeso. Nsanje inandigwira, sindibisa. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi basi: kuti mwana wanga akagoletsa athamangire kwa ine, osati kwa munthu wa ku Chipata.

Loweruka lina ndinakana ganyu n'kupita kukaonera. Makolo ena anaima kuseri kwa mpanda, manja m'matumba, ngati akudikira thekisi. Ine ndinaima pachipata penipeni. Chigawo chachiwiri mpira unamupeza mwana wanga pafupi ndi golo. Anamudoda mmodzi, anamudoda wachiwiri, n'kuumenya ndi phazi lamanzere. Phazi langa lenileni, loti palibe kochi angaphunzitse munthu. Neti inagwedezeka.

Kwathu chigoli chikalowa, mudzi wonse umalowa m'bwalo. Amayi amathamanga ana akulendewera kumsana, anyamata amagubuduka m'fumbi, wogoletsayo amanyamulidwa, ndipo woyimbira mpira amadikira mpaka fumbi litsike. Umu ndi mmene ndinakulira. Miyendo yanga sinandifunse. Ndinavula malaya, ndinawazunguza m'mwamba, ndinathamanga ndikukuwa dzina lake. Nditafika pakati pa bwalo ndinacheuka kuti ndione makolo anzanga.

Ndinali ndekha, mimba ili pamtunda.

Wezulo inalira. Ana a timu inayo ankaseka mpaka kugwira mawondo. Mayi wina kuseri kwa waya ankandijambula pafoni. Ndinamufunafuna mwana wanga ndi maso, ndipo ndinamupeza m'mbali mwa bwalo, atabisa nkhope m'jekete la kochi uja.

Kochiyo anabwera osathamanga. Anatola chipewa changa chimene chinagwa m'njira, anachikuntha fumbi, anandigwira mkono.

"Mudala, kuno sitichita so. Bangatilande mapointi. Tiyeni panja."

Akanandikalipira bola, ndikanamuyankha, anthu akanamva. Koma anandiperekeza ngati mlendo wake, ana onse akuona.

Pobwerera kunyumba mwanayo ankayenda patsogolo, jombo atazikoleka m'khosi. Ndinamupeza pokhota, pamalo pamene anthu amaotchera chimanga.

"Waliona phazi lija?" ndinatero. "Ndi langa limenelo. Akochi akowo amati usamadode, koma taona."

"Ndikudziwa, adadi."

Mtima unayamba kukhala pansi. Tinayenda pang'ono. Kenaka anaima, maso ali pansi.

"Koma eish, next week musabwere, neh?"

"Atero akochi?"

"Ayi. Akochi anati muzibwera. Ndikunena ndine."

Miyezi yonseyo ndinkalakalaka kumva mawu akeake, opanda kochi m'kati. Tsiku limenelo ndinawamva.

Timu yawo ikukulabe, akuti chaka chino atenganso atsikana ang'onoang'ono. Ine Loweruka ndimakaima tsidya la msewu, kwa mkulu wina womata matayala, amene akuganiza kuti ndimakonda kucheza naye. Ukakhala pamenepo umaona golo limodzi lokha, ndi msana wa kochi.