Siketi ya Mathalauzi Awiri

Inali 3 koloko masana Lamulungu, ndipo Martina anali atamasula kale mwendo umodzi. Anakhala pamkeka pakhonde, msana atalozetsa kumphepo ya kuphiri, akudula ulusi wa msoko wa thalauzi ya khaki ndi lezala. Thalauzi inzake inali pambali, ikadali yopinda monga inachokera ku Lilongwe.

Martina, amene anthu a pa Linthipe ankamutcha a Nangozo, anali mlonda. Kampani ina ya alonda inamulemba mu 1980 kuti aziima masana pageti la nyumba yosungiramo nyemba ya wamalonda wina. Amayi osankha nyemba ankatuluka nazo m'zitenje, ndipo mwamuna sakanawasecha popanda kuputa mlandu. N'chifukwa chake anafuna mkazi. Koma Martina sankagwiragwira anthu, ankangoona kayendedwe.

"Mayi, mwana amene mwamangirira m'chiunoyo ndi wa eni ake, kamusiyeni m'katimo," ankatero chapansipansi. Mayiyo ankabwerera, nkhani n'kuthera pomwepo.

Panalinso ntchito zina zimene palibe anamutuma, zinangomugwera: kuphikira tiyi alonda aamuna asanu, kusesa kanyumba ka pageti, kusokerera mabatani a mashati awo. Anazigwira zaka zisanu ndi chimodzi, iye atavala shati ya kampani ndi chitenje chake.

Kapitawo wawo atapuma pa ntchito chifukwa cha kudwala miyendo, bwana Kenan wa kukampani anabwera Lachisanu nanena kuti udindowo ukupita kwa a Nangozo, popeza pageti lawo sipanatulukepo thumba mwachinyengo. Anamupatsa phukusi lomata.

"Kapitawo amaima paperete atavala yunifolomu yonse ya kampani. Ndibwera Lolemba 7 koloko. Ndikakupezani m'chitenje, wenzulo ndipereka kwa a Zefaniya."

Galimoto itapita, Martina anatsegula phukusilo. Munali mashati awiri a mizere paphewa, lamba, chipewa, ndi mathalauzi awiri. Amene analongedza ku Lilongwe sanaganizeko kuti kapitawo angakhale mkazi. Chonsecho masiku amenewo lamulo la dziko linkaletsa mkazi kuvala thalauzi, ngakhale siketi yoonetsa bondo. Woyesa dala sakanadutsa pamsika anyamata achipani asanamugwire.

A Zefaniya, mlonda wamkulu msinkhu pa onsewo, anaseka mpaka kutsokomola.

"Valani, a Nangozo, valani! Ife tizikubweretserani phala kupolisi."

"Aphike ndani phalalo?" Martina anafunsa. "Inu madzi a tiyi omwe amakupsererani."

Ndiye chifukwa chake Lamulungulo, atangochoka ku Misa, anakhala pansi ndi lezala. Thalauzi yoyamba anaisiyira chiuno chake, matumba ndi timalupu ta lamba. Yachiwiri anaing'amba mbali zinayi n'kuzilowetsa pakati pa miyendo ya yoyambayo, kutsogolo ndi kumbuyo. Makina analibe, anasoka pamanja, ndipo khakiyo inali yolimba moti singano ankachita kuikankha ndi chivundikiro cha botolo. Mpendero anaugwetsa zala zinayi kupitirira bondo. Kumbuyo anapinda nsalu kawiri kuti mwendo uzitambasuka. Nkhuku zikulowa, siketi inali pasimbi.

Lolemba kunacha ndi nkhungu. Alonda anandanda kutsogolo kwa geti, manja ali gwa ndi chisanu. Bwana Kenan anayenda pamzerepo akuyang'ana nsapato ndi zipewa, ndipo atafika pa Martina anaima.

"Ichi n'chiyani?"

"Yunifolomu, bwana."

"Ine ndinakupatsani mathalauzi."

"Ndi omwewa. Ndavala onse awiri. A Zefaniya avala imodzi yokha."

Wina kumapeto kwa mzere analephera kudzigwira, naseka.

"Bwana, awononga katundu wa kampani amenewa," anatero a Zefaniya, osaseka tsopano.

Martina anapisa m'thumba natulutsa tinsalu totsala, atatimanga ndi ulusi.

"Zotsala ndi izi, palibe chatayika. Mukafuna ndibwezere mmene analili, ndibwezera. Koma tsiku lovalalo mudzandiperekeze nokha kudutsa pamsika, mukafotokoze kwa anyamata achipani kuti munandiveka ndinu."

Bwana Kenan anayang'ana kumsewu, kenaka anayang'ananso mpendero uja. Zinaoneka kuti nkhaniyo inali kumufika m'mutu koyamba.

"Nanga wakuba atathawa, muthamanga nayo imeneyi?"

 Martina anapatsira mlonda mnzake chipewa, naliyatsa liwiro kulowera kumpanda. Anadumpha ngalande ya madzi amvula, nagunda waya, nabwerera kudzaima pamalo pake akupuma mwabefu. Amayi osankha nyemba, amene anali atayamba kufika, analulutira.

Bwanayo anavula wenzulo m'khosi mwake.

"Gwirani, a kapitawo. Ku ofesi ndikanena ndekha. Ndiponso mwezi wa mawa tikutsegula geti lina ku Chimbiya, kosungira mbatata. Kukufunika amayi awiri. Muwapeze ndinu, muwaphunzitsenso ndinu."

Martina anaimba wenzuloyo kamodzi, nagawa malo a tsikulo mmodzimmodzi. A Zefaniya anawapatsa geti lalikulu, poti ankadziwa madalaivala onse ndi mabodza awo. Iwo anang'ung'udza pang'ono, koma anapita.

Poweruka dzuwa likadalipo, Martina anapeza a Dorika, oyandikana nawo nyumba, akutula mtolo wa nkhuni zochokera kunkhalango ya Chongoni. Anali mayi wamasiye wa mawu aakulu, amene mbuzi za m'mudzimo zinkawamva ali kutsidya.

"Iii, a Nangozo! Siketi ya matumba ngati ya msilikali?"

"Ya kapitawo. A Dorika, kuchokera kunkhalango mpaka kuno mwapumira kangati?"

"Kupuma? Ndi alonda a nkhalango ali kumbuyo?"

"Basi, miyendo muli nayo, ndipo mmene munthu wobisa kanthu amayendera mukudziwa." Martina anawathandiza kumasula luzi la mtolowo. "Mawa nkhuni zigonere. Mundiperekeze kugeti, mukaime pafupi ndi ine tsiku lonse, muzikangoona."