Atate Ananola Mano a Njinga

Atate anali ndi tupa imene mpini wake unali chitsononkho cha chimanga. Mpini weniweni unasweka kalekale, iwo n'kungolowetsa chitsulocho m'chitsononkho, n'kukulunga ndi waya. Ntchito yawo kumgodi inali yonola zitsulo zobowolera miyala, ndipo tsiku limene mgodi unatsekedwa anatuluka nayo tupayo ataibisa m'jombo. Ukainunkhiza inkamveka dzimbiri ndi thukuta la m'manja. Nyengo yozizira ya chaka chimenecho ndimaikumbukira ndi kulira kwake, khwee, khwee, kuseri kwa nyumba yathu ku Chowa, m'tauni ya Kabwe, dzuwa likangofika pakhonde.

Ndinali wamkulu mokwanira kutunga madzi ndi kubereka kamlongo kanga, koma wosakwanira kuuzidwa zinthu. Zimene ndinkadziwa ndinkazitola akuluakulu akamayesa kuti sindikumva. Ndinkadziwa kuti amuna amene ntchito inawathera anayamba kupita ku phiri lakuda, mulu waukulu wa zotsalira za mumgodi, kukakumba tizidutswa ta mtovu togulitsa. Ndinkadziwanso kuti maenje akumeneko ankagumukira anthu, chifukwa tinali titagona kale pamaliro a bambo wa nyumba yoyandikana nafe. Amayi anali ndi mawu amodzi okha pa nkhaniyi, ndipo ankawanena motsitsa: "Kuphiri kuja simuzayenda, imwe. Olo tigone na njala."

Kuti atate asapiteko panafunika njira ina yopezera ufa, ndipo njirayo inali njinga.

Amayi ankachapa zovala ku Highridge kwa bwana wina wa kumgodi. Akulongedza katundu kuti azibwerera kwawo, bwanayo anawakankhira njinga ya mwana wake, nati ndi yolimba, ikungofuna mafuta basi. Amayi anagwada pothokoza. Ine lero mdzukulu wanga akabwera ndi kanthu kopatsidwa, ndimayamba ndakatembenuza kuti ndione pamene pafera. Munthu wosamuka sakusiyira chinthu chimene akanatha kuchigulitsa.

Sinali ngati njinga zakuda zija tinazolowera. Inali yofiira, ya matayala onenepa, ndipo kumbuyo inali ndi timagudumu ta mano tosanjikizana ngati mbale zotsukidwa, tating'ono kunja, tokulirapo kumkati. Pansi pake pankalendewera kachitsulo ka timawilo tiwiri kamene atate anakatcha kadzanja, poti ndiko kankanyamula tcheni kuchotsa pa gudumu lina kuika pa lina. Amalume, mlongo wawo wa amayi amene anabwera kudzationa kuchokera ku Petauke osabwereranso, anaizungulira manja ali m'thumba.

"Iyi ni maunteni, mulamu. Ikwela phili monga mbuzi."

"Mbuzi siinyamula malasha," anatero atate. "Iyi izanyamula?"

Malasha ndi mmene tinkatchulira makala m'tauni muja, ndipo cholinga chinali chimenecho: kukagula matumba kumidzi ya Alenje, kudzagulitsa kumsika. Amalume anatenga zitsulo za bedi lakale n'kukawotcheretsa kaliyala. Atate anaigoneka njingayo chagada, chishalo ndi mahandulo pansi, n'kuchotsa tcheni kukachinyika m'chitini cha palafini. Palafiniyo anada bii. Ine anandipatsa mswachi wakutha kuti ndichotse matope ouma pakati pa mano. Atabwezeretsa tcheni ndinkapukusa pedulo ndi dzanja, iwo atapendeketsa mutu kumvetsera. Wilo linazungulira mpaka masipoko osaonekanso, likungoti tiki tiki tiki ngati wotchi. Tsiku limenelo amayi anaseka.

Chinthu chilichonse chimayenda bwino chikagona chagada chopanda katundu. Ndakumana nawo amuna otero, ndipo mmodzi ndinakwatiwa naye.

Ulendo woyamba atate anabwera madzulo akukankha, bondo litatupa. Anati popita inayenda ndithu, koma pobwera, akangoponda mwamphamvu makala ali kumbuyo, tcheni chinkalumpha mano, khwa, phazi n'kugwera pansi, bondo n'kumenya handulo. Anagwa nayo kangapo. Makala ambiri anafika ali zinyenyeswa.

M'mawa mwake anaweramira timagudumu tija nthawi yaitali, akupapasa mano ndi chala. Ena anali atapindika nsonga ngati minga. Kenako anati, "Mano yasila. Chinthu chikasila mano, unola." Kusila ndiko kutha m'chiyankhulo cha m'tauni muja. Ndi zimene manja awo anachita zaka zonse kumgodi: chitsulo chikabuntha umachinola, chimalumanso mwala. Pabwalo pathu panalibe woti awauze zina.

Ananola dzino limodzi limodzi, gudumu ndi gudumu, kwa masiku angapo. Ine ndinkapanikiza wilo ndi mawondo kuti lisayende. Ufa wachitsulo unkagwera pa mapazi anga ong'aluka ndi chisanu n'kumanyezimira m'ming'alumo. Mphepo inkabweretsa fumbi la kuphiri lija, lolowa m'kamwa n'kumamveka ngati wayamwa msomali. Mano anatuluka owala, osongoka ngati a sowo. Ine ndinawaona okongola. Ndinauza anzanga kusukulu kuti njinga yathu ili ndi mano akuthwa kuposa a galu.

Inalumpha kuposa kale.

Apa amalume anati vuto ndi tcheni, chatanuka, ndipo iwo akudziwa munthu m'tauni amene ali ndi tcheni chopyapyala cha njinga zotere. M'nyumba munalibe chogulira. Amayi analowa kuchipinda n'kutuluka ndi nsimbi yawo ya makala, imene ankati adzayambira nayo kusitira anthu zovala tsopano poti bwana uja anapita. Anaipereka kwa amalume osaiyang'ana. Mpaka lero sindidziwa ngati nsimbi yonseyo inapita ku tcheni. Amalume anabwera akununkha mowa. Ine ndinaona, ndipo kuyambira pamenepo wachibale ndimamutuma ndili pambuyo pake.

Tcheni chatsopano chinabwera m'kapepala ka mafuta, chonyezimira, chosalala m'manja. Njinga ili chagada chinayenda bwinobwino. Atate atakwera, opanda ngakhale thumba, chinalumpha asanafike pampanda. Anatsika, kuigoneka, ine kupukusa, iwo kukweranso, khwa. Anawongola kadzanja ndi sipanala. Anachotsa mfundo zina za tcheni ndi msomali ndi nyundo kuti chikungike, chala chawo chachikulu n'kuchita magazi m'kati mwa chikhadabo. Tsiku lililonse ankasintha kanthu kena, ndipo tsiku lililonse inkalira khwa yemweyo. M'nyumba amayi ankapinda kukamwa kwa thumba la ufa, kupinda, kupindanso, thumba likufupika.

Pomaliza tinaikankhira kwa wokonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika, bambo wachikulire wa Chibemba. Anangoyang'ana timagudumu tija osagwira n'komwe.

"Anola apa ni ndani?"

Atate anayang'ana pansi, bamboyo n'kupitiriza.

"Mudala, mano ya njinga siyanoledwa. Yakasongoka, ninshi yafa."

Anafotokoza kuti tcheni chakale ndi mano akale zinathera limodzi n'kuzolowerana, chatsopano sichingakhazikike pa mano otha, ndipo kanyama kochepa kamene kanatsala pa manowo tupa inakadya. Timagudumu totere m'Kabwe munalibe, mwina ku Lusaka, mwinanso ayi. Gudumu la njinga wamba silikanamangika pa wilo limenelo. Sananyoze, ankangonena, koma ndinaona khosi la atate likutsika. Pobwerera ana a ku Chowa anatitsatira akukuwa, "Maunteni! Maunteni yokankha!" Ine ndinawagenda. Atate sanacheuke.

Anayesanso kamodzi. Gudumu lalikulu la kumkati sanalinole kwambiri poti tupa sinkafikako bwino. Anachotsa kadzanja, kufupikitsa tcheni, n'kuchikoleka pa gudumu limenelo lokha. Chinagwira. Koma miyendo yawo inkazungulira ngati ya munthu wothawa moto pamene njinga ikuyenda ngati mayi wosenza mtolo. Anapita nayo choncho kumakala. Anabwera tcheni chili m'manja, chitaduka pa mfundo ina imene anakhoma ndi msomali, mano ena atathyoka. Makala anawasungitsa kwa anthu a m'njira, ndipo atapita kukawatenga anthuwo anati sakuwadziwa.

Njinga anaitsamiritsa kukhoma. Amayi sanabwerezenso mawu awo aja. Ndimawakumbukira atakhala pamphasa akusankha nyemba zochepa nthawi yaitali kuposa imene nyembazo zinkafuna. Kutacha atate anatenga fosholo ndi thumba lopanda kanthu, n'kudutsa pambali pawo. Palibe amene anayang'ana mnzake.

Anabwera dzuwa likulowa, ali mbuu kuyambira kutsitsi mpaka kujombo, maso okha ofiira, m'manja muli kathumba ka ufa ndi tinsomba ta kapenta tokulunga m'pepala. Ine ndinakondwa. Ndinakondwa zenizeni, mpaka kudzifunsa kuti nanga bwanji sanapiteko kale. Ndinathamanga kamlongo kanga kali kumsana kuti ndikawalandire katundu, koma amayi anandigwira pamkono mwamphamvu, zikhadabo n'kulowa.

"Usawagwile! Chotsa mwana apo!"

Anaika beseni la madzi kuseri kwa nyumba, kuwavula atate malaya panja pozizira, zovalazo n'kukazipachika patali pampanda. Kumgodi amuna ankasamba ndi kusintha zovala asanabwere kwa ana awo, ndipo amayi ankadziwa chifukwa chake: fumbi la mtovu ndi poizoni kwa ana. Ine zimenezo ndinali ndisanamvepo. Ndinangoona atate akunjenjemera pa beseni osadandaula, madzi akuda akuyenderera pansi pamene ine ndi kamlongo kanga tinkasewera tsiku ndi tsiku, ndipo ndinawakwiyira amayi. Ndinkayesa akuwalanga chifukwa choti njinga yawakanika.