Ndinawolotsa ana a eni mtsinje wodzaza poopa kuphonya mayeso

Inu owerenga, ine ndine mphunzitsi, ndipo ntchitoyi ndimaikonda mpaka lero. Koma pali tsiku lina lomwe ndinangotsala pang'ono kuphetsa mwana wa eni ake. Sizinachitike chifukwa cha nkhanza ayi, koma chifukwa ndinaopa akuluakulu a kuntchito kuposa momwe ndinaopera madzi. Nkhaniyi ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze kuti zisadzaonekerenso wina.

Ndimaphunzitsa kalasi yachisanu ndi chimodzi pa kasukulu kena kakumudzi m'dera la Majaua, kuno ku Milange. Pakati pa mudzi wathu ndi msewu waukulu pali mtsinje wopanda mlatho. M'chilimwe ana amauwoloka akusewera, madzi olekeza m'akakolo. Dzinja likafika umasanduka wina.

Kale mphunzitsi aliyense ankakonza yekha mayeso a ana ake. Ankafunsa zokhazo zomwe waphunzitsa, n'kuchonganso yekha. Ana ankakhoza bwino pasukulu pawo, koma akapita ku sekondale kutauni kunkapezeka kuti ena sakutha ngakhale kuwerenga Chipwitikizi. Ndiye akulu a zamaphunziro m'boma lathu anaganiza kuti pakutha pa chigawo chilichonse cha chaka, ana onse a kalasi imodzi azilemba mayeso ofanana, ochokera m'ndondomeko ya maphunziro ya dziko lonse, tsiku limodzi ndi nthawi imodzi. Kuno timangoti pulova ya distirito.

Ganizoli ine ndinalikonda, ndipo ndimalikondabe. Linatichititsa kuti tisiye kudumpha mitu yovuta. Ineyo magawo a masamu omwe ndinkawazemba ndinayamba kuwaphunzitsa mpaka ana atawamvetsa. Vuto linali limodzi. Pofuna kuti pasakhale kuonetsana mayankho, anati sukulu zing'onozing'ono ngati yathu zizikalembera pasukulu yaikulu ya m'dera, yomwe kwa ife ili kutsidya kwa mtsinje uja.

Pamsonkhano wokonzekera, bwana wina wochokera kutauni ananena mawu omwe anandikhala mumtima. Anati mphunzitsi yemwe ana ake sadzafika adzatengedwa kuti akubisa ana osakhoza, ndipo adzayankha yekha. Nthawi imeneyo n'kuti ndisanakhazikitsidwe pantchito, ndipo chaka chilichonse ndinkadikira kumva ngati anditenganso. Mwana wanga wamng'ono komanso amayi anga ankadalira ine. Mawu aja ndinawamva ngati akunena ineyo.

Mayeso otsekera chigawo choyamba anafika mvula isanatheretu. M'mawa wa tsikulo kwathu kunkangowaza, koma chakumapiri kunali kwakuda bii. Adiretoli athu, kunena mphunzitsi wamkulu, anali atanyamuka dzulo lake kukayang'anira mayeso kusukulu ina, choncho wolamula ndinali ine ndekha. Foni kwathu sigwira pokhapokha munthu akwere pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo ine sindinaganize zokwerapo.

Ana anabwera atasamba, mayunifolomu ochapa, ena atanyamula chinangwa chophika m'timapepala ta pulasitiki. Pakati pawo panali Marieta, kamtsikana kochepa thupi kuposa anzake onse, koma kodziwa masamu kwambiri. Bambo ake anamuperekeza mpaka pabwalo la sukulu, n'kundipatsa moni mwaulemu, n'kubwerera kumunda.

Titafika pamtsinje ndinaona ndekha kuti zinthu sizili bwino. Madzi anali ofiira ngati thobwa, akutenga mapesi ndi zinyalala. Mwala womwe amayi amachapirapo sunkaoneka. Inu owerenga, musaganize kuti sindinkadziwa tanthauzo lake. Ndinakulira m'mbali mwa mitsinje, ndinkadziwa bwino lomwe kuti madzi akafiira choncho ndiye kuti ena ambiri ali m'njira. Ndinaima pagombe. Ndikayang'ana madzi ndinkaopa, ndikakumbukira nkhope ya bwana uja ndinkaopanso. Ndinalowetsa mwendo n'kuona kuti madzi akulekeza m'mawondo, ndipo ndinadziuza kuti tikafulumira tiwoloka.

Marieta anandigwira chitenje n'kunena chapansipansi kuti akuopa. Ndinamuuza kuti asaope, ndimugwira ndekha dzanja.

Ndinawagawa ana m'magulu, n'kuwauza kuti agwirane manja, zolembera alume pakamwa. Gulu loyamba la anyamata akuluakulu linawoloka bwinobwino, ena akuseka. Lachiwiri linawolokanso, koma pobwerera ndinaona kuti madzi afika m'ntchafu. Apa mpomwe ndikanalekera. Koma ndinaganiza kuti theka la kalasi lili kale kutsidya, nanga enawa ndiwasiye bwanji? Ndinatenga gulu lachitatu, Marieta ali kudzanja langa lamanja.

Tili pakatikati ndinamva mkokomo chakumtunda, ngati galimoto yaikulu ikubwera. Madzi anandifika m'chiuno nthawi yomweyo, mchenga n'kuyamba kuthawa pansi pa mapazi. Thunthu la nthochi linabwera likugubuduka n'kutimenya. Ndinapepesuka, ndipo ndinamva kadzanja ka Marieta kakupulumuka m'dzanja langa, chala chimodzichimodzi. Ndinaona yunifolomu yake ikutembenuzika m'madzi, kenako sindinaonenso kanthu.

Ine kusambira sindidziwa. Momwe ndinakankhira ana ena a m'gululo kugombe la kutsidya sindikumbuka bwino. Chomwe ndikukumbuka ndi kulira kwa ana mbali zonse ziwiri za mtsinje, ndi ineyo ndikuthamanga m'mabango chotsika ndi madzi, ndikuitana dzina lake. Mabango anandicheka miyendo koma sindinamve kuwawa. M'mutu munkangobwera funso loti ndikawauza chiyani amayi ake.

Pokhota mtsinje panali nsungwi zomwe zinagwera m'madzi. Ndi pamene ndinamuona, atakodwa m'nthambi, mutu ukumira n'kuvuuka, dzanja limodzi lili lende. Anali patali ndi gombe moti sindikanamufikira. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa.

Mwamwayi panjira yapafupi pankadutsa azibambo awiri okankha njinga za matumba a chimanga. Atamva kukuwako anataya njinga n'kuthamangira komwe ndinali. Anamasula zingwe za mphira zomangira matumba, n'kuzilumikiza. Mmodzi anadzimanga m'chiuno n'kulowa m'madzi atagwira nsungwi, ine ndi mnzakeyo tikukoka chingwe. Mphirayo inkatamuka mochititsa mantha, ndipo ndinkangoona ngati iduka n'kupita onse awiri. Bambo uja anamugwira Marieta kolala ya yunifolomu n'kubwera naye.

Titamugoneka paudzu sankapuma. Milomo inali itachita mbuu, pamutu pali bala lalikulu. Ndinamusindikiza pachifuwa momwe anatiphunzitsira kusukulu ya uphunzitsi, ndikupemphera mawu osamveka. Patapita kanthawi komwe kwa ine kanali ngati chaka, anatsokomola n'kusanza madzi amatope. Ndinangokhala pansi n'kuyamba kulira ngati mwana.

Azibambo aja anatsitsa thumba limodzi, n'kumukweza Marieta panjinga mpaka kuchipatala chaching'ono chomwe chili pafupi ndi sukulu yaikulu ija. Ana omwe anawoloka ankatitsatira pambuyo, zovala zili chonyowa. Anamwino atamulandira, ndinapita nawo anawo kusukulu, poganiza kuti mwina angalembebe.

Pabwalo panalibe mzere wa ana, panalibe woyang'anira mayeso. Mphunzitsi wamkulu wa pamenepo anatuluka mu ofesi n'kutiyang'ana modabwa.

"Mwawoloka bwanji ndi madzi amenewa? Mayeso aimitsidwa. Njinga yamoto yonyamula mapepala yakanika kudutsa, ndipo uthenga tinatumiza pafoni m'mamawa."

Inu owerenga, tangoganizani. Mwana wa eni anali gone m'chipatala atasokedwa mutu chifukwa cha mayeso omwe kunalibe.

Mantha ena anali akundidikira. Ana omwe anatsala tsidya lakwathu anaona Marieta akutengedwa ndi madzi, koma sanaone akuvuulidwa. Anathamangira kumudzi kukanena kuti wamira. Nditabwerera pamtsinje masana, ndinapeza mudzi wonse uli pagombe linalo, amayi akudzigwetsa pansi, azibambo akufufuza m'mabango ndi mitengo. Ndinakuwa kuti ali moyo, koma mkokomo wa madzi unkameza mawu. Ndinayesa kulozera ndi manja kuchipatala, iwo n'kumaona ngati ndikuloza komwe kuli mtembo. Mpaka mphunzitsi wina anabwera ndi yunifolomu ya Marieta n'kuikweza m'mwamba akuvina, ndi pamene ena anayamba kumvetsa. Ndinaona bambo ake ataima payekha, chikwanje cha kumunda chili m'manja, akundiyang'ana osaphethira.

Tsikulo palibe anawoloka. Ana anagona m'kalasi, ine ndinakhala pambali pa Marieta, yemwe thupi linali litatentha kwambiri. Madzi ataphwa m'mawa mwake, makolo anabwera. Nditamva mawu a bambo ake panja, ndinafuna kuthawira kuseri, koma ndinakhalabe pambali pa bedi. Ndinali nditakonzeka kumenyedwa, ndipo ndikanaona kuti n'koyenera.

Analowa opanda chikwanje. Anakhala pabedi n'kumugwira mwana wawo pachipumi nthawi yaitali, amayi ake akusisima pambali. Kenako anatembenukira kwa ine, n'kuyankhula motsitsa.

"Aphunzitsi, ndingofunsa chimodzi. Pamzere paja pakanakhala mwana wanu, mukanawoloka?"

Ndinayang'ana pansi. Yankho ndinkalidziwa, iwonso ankalidziwa.

Marieta anadwala chibayo kwa nthawi ndithu, koma anachira. Kusukulu kwathu sanabwererenso. Bambo ake anamutumiza kwa azakhali ake ku Milange tauni, komwe akuti akupita kusukulu osawoloka madzi. Sanabwere kudzatsanzika, ndipo sindikuwadandaula. Makolo enanso anayamba kuletsa ana awo kubwera kusukulu kukangochita mitambo, ndipo zinatitengera nthawi yaitali kuti atikhulupirirenso.

Ine anandiitanitsa ku ofesi ya zamaphunziro. Ndinapita ndikudziwa kuti ntchito yatha. Ndinafotokoza zonse osabisa, ngakhalenso mawu a pamsonkhano aja. Bwana yemwe anawanena analipo. Anagwira pakamwa, n'kunena kuti iye ankanena za aphunzitsi achinyengo, sankaganiza kuti wina angalowetse ana m'madzi chifukwa cha mawu amenewo. Anandidzudzula kwambiri koma sanandichotse. Kuchokera nthawi imeneyo, mayeso a distirito timalembera pasukulu pathu pomwe. Woyang'anira, munthu wamkulu, ndiye amayenda kubwera kwathu, ndipo mtsinje ukadzaza amadikira, ana n'kulemba tsiku lina.

Mayesowo akupitirira, ndipo akutithandiza kuona pomwe ana athu akutsalira. Koma ineyo mpaka pano ndikamva mkokomo wa madzi, dzanja langa lamanja limafumbata lokha.

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu omwe mwangoyamba kumene ntchito ndipo mukuopa kuchotsedwa, ndikupempheni. Lamulo likakufikani, funsani kuti nanga zikavuta tichite bwanji, ndipo funsani pamsonkhano pomwepo, osachita manyazi. Ine ndikanafunsa, kapena ndikanangokwera pachulu paja ndi foni, bwenzi nkhaniyi kulibe. Inunso akuluakulu okonza mayeso, dziwani kuti mawu oopseza omwe mumanena muli pampando kutauni amakafika kumudzi atakula, ndipo amakagwera munthu wamantha yemwe ali yekha ndi ana. Musanaike tsiku, funsani kuti anawo adzadutsa njira yotani.

Ndipo inu nonse omwe mwasungitsidwa ana a anzanu, mtima ukakuuzani kuti apa pali ngozi, bwererani nawo. Kukalipiridwa kumapweteka, koma kumaiwalika. Mayeso amalembedwanso sabata yotsatira. Ine ndinachita mwayi kuti panjira panadutsa anthu a njinga, ndipo sindikufuna kuti inu mudzadalire mwayi ngati umenewo.