Dzimbiri la Apongozi

Apongozi anga aamuna anakalambira ku njanji. Ntchito yawo inali yotsuka mabogi a sitima ya katundu, atavala jombo zofika m'mawondo, paipi ya madzi ili m'manja. Bogi ikabwera yakuda ndi malasha kapena yotuwa ndi simenti, ankaikwecha mpaka manambala ake aoneke. Atapuma pa ntchito anayamba kuchita zosemphana. Ankagula timabogi toseweretsa, totalika ngati chikhatho, tatsopano tonyezimira, n'kumatidetsa dala kuti tioneke ngati takhala pamvula ndi padzuwa zaka zambiri. Anzawo a ku njanji anawapatsa dzina loti Adzimbiri, ndipo iwo ankavomera ndi mtima wonse.

Apongozi aakazi atamwalira, tinawatenga bambowo kuti tizikhala nawo. Chipinda chimene tinkati chidzakhala cha alendo chinasanduka siteshoni. Anagoneka chitseko chakale pa mipando iwiri, n'kuyalapo kanjanji kozungulira, nyumba za makatoni ndi mchenga womata ndi guluu. Pawindo panali zitsekerero za mabotolo zodzaza choko chopera: chofiirira, chakuda, chotuwa. Panalinso mswachi wotha ndi kaburashi ka mkazi wanga kopakira phaudala, kamene anakafunafuna mwezi wathunthu akunamizira ine.

Ankayamba ndi penti woyera wosungunula ngati madzi, kuti mtundu wa kabogi usuluke. Ukauma, ankadontheza kofiirira pa kabawuti kalikonse n'kukokera pansi, mmene mvula imatsetserekera. Kumateyala ankapaka mwaye wa kandulo, m'munsi fumbi la choko. Kabogi kalikonse kanali ndi mnzake weniweni amene iwo anamutsukapo, ndipo ankakumbukira chimene ankanyamula. Mlendo wofunsa mwaulemu chabe kuti akupanga chiyani ankatuluka tiyi atazizira kalekale. Ine, monga mkamwini, ndinalibe kothawira.

Kenako maso anayamba kuwathawa. Madzi ankathira pambali pa kapu. Tsiku lina anapatsa moni jekete langa lokolekedwa kuchitseko, n'kudandaula kuti sindiyankha. Mkazi wanga anaona koyera pa mboni ya diso lawo, nati ndi ng'ala, apite kuchipatala akachotse isanakhwime. Iwo anatemetsa nkhwangwa pamwala. Ankati maso awo ali bwinobwino, mababu a masiku ano ndiwo sawala. Zoona zake ankaopa mpeni, ndipo tonse tinkadziwa.

Mkazi wanga anayesa njira yofatsa. Wa sitolo ya zoseweretsa anamuuza kuti masiku ano palibe chifukwa chovutikira ndi choko, mafakitale akugulitsa timabogi tosuluka kale, dzimbiri lake lobwera nalo m'bokosi. Anagula bokosi limodzi n'kuwapatsa bambo ake kuti maso apumeko. Iwo anakhumudwa zedi. Anati dzimbiri la makina n'lofanana ngati yunifolomu ya sukulu, banga lomwelo pangodya yomweyo, ndipo angalizindikire ataima pakhomo, diso limodzi atatsinzina. Bokosi linakwera pamwamba pa wadiropu.

Mawu a pakhomo aja ndi amene mkazi wanga anasunga. Loweruka lina m'mawa, bambo ake atapita kokameta, anatsitsa bokosi, natulutsa kabogi kamodzi n'kukalumikiza pakati pa tawo. Ndinamuuza kuti kutchera kholo msampha si bwino. Anandifunsa ngati ndikufuna kudzawatsogolera ndi ndodo, ndipo ndinabwerera ku nyuzipepala yanga.

Masana apongozi anandiitana monga mwa masiku onse. Anayatsa magetsi a kanjanji, sitima inazungulira, n'kuiimitsa patsogolo pawo. Anayendetsa dzanja pamwamba pa timabogi ngati munthu wosankha zipatso pamsika, natola kamodzi. Kanali ka kufakitale kaja.

"Taonani apa, akamwini," anatero, atakabweretsa pafupi ndi mphuno. "Mizere iyi ya pansi pa chitseko. Yopyapyala, yosaphatikizana. Makina angathe zimenezi? Aka ndiye ndinakakhalira pansi."

Mkazi wanga anali pakhomo, nsalu yopukutira mbale ili m'manja. Ndinayembekeza kuti alankhula, popeza mlandu anali atawina. M'malo mwake anangopinda nsalu ija. Nkhope yake inali ya munthu amene ankafuna kupezeka wolakwa.

Apongozi anapitiriza kufotokoza za bogi ya feteleza imene kabogiko kanawakumbutsa, uku akusisita m'mbali mwake ndi chala chachikulu, mwa chizolowezi chawo. Timabogi tawo tonse tinkasiya choko pachala. Anasisita, natikita zala ziwiri pamodzi. Anasisitanso mwamphamvu. Nkhani ya feteleza inathera pakati. Anatembenuza kabogiko, napapasa kumateyala kumene kukanakhala mwaye, ndipo chala chinabwerako choyera.

Sanakalipe, sanafunsenso amene anachita. Anayesa kukabwezera pa njanji koma mateyala anaphonya, ndipo anakasiya chopendekeka. Kenako anatola kena, kamene anamaliza sabata yomweyo, n'kukaloza kumene kunali mwana wawo.

"Amayi," anatero, poti umu ndi mmene ankamuitanira akafuna zoona, "nanga aka kakuoneka bwanji? Akamwini musayankhe, inu mumayamikira chilichonse."

Mkazi wanga anabwera pafupi nakalandira. Manambala sankaoneka. Chitseko, mabawuti, zonse zinali zitakwiririka m'penti wofiirira wokhuthala.

"Ngati kagwera m'matope, bambo."

"Kuyambira liti?"

"Chaka chatha."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nayang'ana mzere wonse wa sitima yawo, umene kwa iwo unali utsi chabe. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinamveranso chisoni mkazi wanga, amene anatuluka msanga kukatsegula mpopi wa kukhitchini kuti tisamve kulira kwake.

Lolemba m'mawa ndinawapeza pabalaza atavala kale jekete la kutchalitchi, chipewa chili pabondo, akudikira kuti tiwaperekeze kuchipatala. Tisanatuluke anandituma kuti nditole timabogi tonse ta chaka chathachi, ndiike m'beseni. Ndinafunsa ngati nditaye.

"Ayi, musataye," anatero. "Akandibwezera maso, ndidzatsuka ndekha. Kutsuka ndiye ntchito yanga."